Kamuvi m'chipinda cha apongozi

Apongozi anga aamuna anali munthu wojambula anzake. Pa ukwati, pa ubatizo, ngakhale pokumba nsawa, iwo ankaima kumbuyo kwa kakamela kawo, diso limodzi atatsinzina. Atamwalila, nthawi yoika mwala pamanda itakwana, tinafufuza chithunzi chawo m'nyumba monse. Tinapeza cha pa leji chokha, khadi la boma lija, chimene anajambulitsa ali mnyamata wa khosi lalitali.

Mkazi wanga anachiyang'ana nthawi yaitali. "Uyu sindimudziwa," anatelo. "Atate anga anali ndi masaya."

Wosema miyala wa ku Petauke anati chithunzi chifike mwezi usanathe, chifukwa amachitumiza ku Lusaka kukachiwotchela pa kambale koyela komata pamwala. Tsiku lovundukula mwalawo linali litalengezedwa kale kutchalitchi. Abale a ku Katete, kumene banjali linachokela, anali atayamba kupatula nkhuku. Mwala wopanda nkhope ukanatheka, koma apongozi aakazi anali atanena kuti afuna amuna awo aoneke. Iwo sanena chinthu kawili.

Kakamela kanasowa pa malilo. Zithunzi zonse zinatsala m'kompyuta.

Kompyutayo malemuwo anaigula atapuma pa uphunzitsi, itagwilapo kale ntchito kwina. Inali ndi bokosi lalikulu ndi sikilini ya msana ngati wailesi yakanema yakale. Poyamba inali yoyela, kenaka inasanduka ngati mano a munthu wosuta fodya. Ine ndili ndi kasitolo ku Nyimba, m'mbali mwa msewu waukulu. Ndimagulitsa zolembela, ndimachita fotokope, ndimatayipila anthu. Motelo m'banja lonse dokotala wa makina amenewa ndinali ine. Apongozi akasokoneza kanthu ankandiimbila foni, ine n'kukwela minibasi. Nditatopa ndi maulendo ndinawaikila kapulogalamu kena. Kankachititsa kuti zonse zili pa sikilini yawo zioneke pa yanga ku Nyimba, ndipo ndikasuntha mausi kuno, kamuvi kolozela ka pa sikilini kankayenda kumeneko. Iwo ankakondwa nazo kwambili. Ankapinda manja n'kuitana oyandikana nawo nyumba. "Bwelani mudzaone mkamwini akupalila munda wanga ali kwawo."

Nthawi imeneyo kompyuta inali pabalaza.

Malilo atatha, apongozi aakazi anaisamutsila kuchipinda kwawo kogona. Anali ndi chifukwa. Kompyutayo ukaiyatsa n'kuisiya osaikhudza, zithunzi zinkayamba kudutsa zokha, chimodzichimodzi, mosatsata dongosolo. Madzulo aliwonse ankakhala pabedi n'kumadikila. M'mulu wonsewo munali chithunzi chimodzi chokha cha amuna awo. Tsiku lina chinkadutsa, tsiku lina ayi.

Kusamutsako kunaipweteka kompyuta. Inakana kudzuka, mpaka mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga amene amagulitsa zovala za salaula pamsika, anapendeketsa bokosi pa chidutswa cha njelwa n'kumanga chingwe cha kumbuyo ndi mphila ya njinga. Inatsokomola, n'kuyaka. Kuyambila pamenepo palibe ankaisuntha. Ngakhale tsache linkailambalala. Mabowo olowetsamo fulashi anali atafa onse kupatula limodzi la kumbuyo, ndipo m'menemo munali mutakanilila kamodemu ka netiweki kamene ndinaikamo kalekale. Sikilini nayo inali itadwala. Chilichonse chinkaoneka chobiliwila.

Mlamu anayesa njila yake. Anakhala madzulo angapo ndi foni m'manja kudikila atate ake adutse, n'kuwajambula pagalasi pomwepo. Ananditumizila. Nkhope yobiliwila, mizele yakuda yopingasa.

"Alamu, mwanditumizila chivwende," ndinamuuza pa foni.

"Ndi apongozi anu amenewo. Gwadani."

Ine ndinkadziwa kuti matenda ali m'galasi, osati m'bokosi. Pa sikilini yanga ya ku Nyimba chithunzi chomwecho chikanabwela ndi mitundu yake yeniyeni, ndipo ndikanachikola ndi batani limodzi. Kapulogalamu kaja n'kakale, sikanyamula katundu, kamangoonetsa. Koma chooneka chimakoledwa. Ntchito inali yosavuta, kupatula chinthu chimodzi: kompyuta inali m'chipinda cha apongozi aakazi.

Zaka zonse zimene ndakhala m'banjali sindinawayang'anepo m'maso. Tikakumana panjila ndimapatuka n'kunyonyomala. Moni umadzela kwa mkazi wanga, ngakhale tonse tili pabwalo limodzi. Chitseko cha chipinda chawo sindidziwa ngati chimatsegukila mkati kapena kunja. Tsopano ndinali kupempha kulowetsamo dzanja.

Tinapita ku Petauke Lamlungu. Apongozi anaitanitsa amalume ake a mkazi wanga, amene amalima kufupi ndi Minga. Anafika pa njinga, thalauzi atamanga ndi luzi m'akakolo. Ndi munthu wokonda kuseka, koma nkhani za mwambo zimadzela kwa iwo. Apongozi anakhala pamphasa atafulatila pang'ono. Ine ndinakhala pa kampando kuseli kwa nkhokwe, pomveka mawu koma posaoneka nkhope.

"Tiyeni timvetse bwino," amalume anatelo kwa ine. "Inu mukhala ku Nyimba."

"Inde."

"Ndiye cholowa m'chipinda n'chiyani?"

"Kamuvi kokha. Kali kale m'menemo. Ine ndingokayendetsa."

"Kali ndi maso?"

"Ayi. Ndiona zili pagalasi, osati zili kutsogolo kwa galasi."

Apongozi analankhula atayang'ana mphasa. "Auzeni kuti zenela ndi zenela. Ali panja amaona, ali mkati amaona."

Amalume anatembenuka n'kundiuza mawu omwewo, ngakhale ndinali nditamva. Ndinathokoza.

"Amai," anatelo mlamu, "atate ali moyo alamu ankalowa m'kompyutamo sabata iliyonse."

"Pabalaza," anayankha apongozi.

Amalume anakanda chibwano. "Munthu akatuma mnzake kukamutengela mpando m'chipinda, walowa ndi iye?"

Tonse tinati ayi.

"Nanga akaima panja n'kuukoka ndi ngowe pa zenela?"

Amalume anaseka mpaka anatsokomola. Atapukuta maso anagamula.

"Kamuvi kalibe mapazi, koma kali ndi mwini wake. Achitile ku Nyimba komweko kuti pakhale mtunda. Asanakasunthe anene odi. Alongo anga akayankha, alowe, atenge chimene adzela, atuluke. Asamwazemwaze maso."

Panatsala nkhani ya malaiti. Nyengo imeneyo ankazima mosinthana. Nyimba ikayaka, Petauke mdima. Titafunsafunsa tinapeza kuti Loweluka masana matauni onse awili amayaka pamodzi kwa kanthawi.

Loweluka lake ndinavala malaya ochapa, sindidziwa chifukwa chake. Ndinatseka chitseko cha sitolo theka. Mkazi wanga anakoka kampando n'kukhala pambali panga. Foni tinaiika patebulo, yokweza mawu kuti tonse timve.

"Alamu, mukanaona," anatelo mlamu kuchokela ku Petauke. "Amai asesa, achotsa zovala zonse pachingwe, ayala nsalu yatsopano pabedi. Avala duku la kutchalitchi. Akhala pakona chammbali."

"Auzeni kuti sindikuona."

"Ndawauza. Akuti munthu waulemu amanena choncho ndithu."

Ndinalemba mawu achinsinsi. Sikilini yanga inada, kenaka ya ku Petauke inayamba kubwela. Inkatsika kuchokela pamwamba, mzele ndi mzele, ngati munthu akutsitsa katani mosafuna. Inali yabuluu, osati yobiliwila. Kamuvi kanali kagonele pakona. Ndinachotsa dzanja pa mausi n'kukonza pakhosi.

"Odi."

Mkazi wanga anadziluma mlomo.

"Odi kumeneko."

Patali, m'kati mwa phokoso la netiweki, munamveka mawu aang'ono. "Afike."

Ndinasuntha mausi.

"Kayenda," anatelo mlamu.

Kenaka ndinamva kuomba m'manja, pang'onopang'ono, kwa moni. Apongozi anali kulonjela kamuvi. Ndinasiya mausi n'kuomba nanenso, nditawelama pang'ono kuyang'ana foni. Mkazi wanga anagwela pa katoni ya mapepala, chitenje atatsekela nacho pakamwa.

Malemu sankapatsa zithunzi mayina. Zonse zinali m'thumba limodzi la m'kompyuta, mulu umodzi. Panalibe njila ina koma kutsegula choyamba n'kumadina batani lopita kutsogolo. Ku Petauke chithunzi chinkatuluka nthawi imodzi. Kwa ine chinkachedwa, chikutsika ngati katani ija. Motelo ndinkayamba ndamva, kenaka n'kuona.

Nkhumba. Nkhumba yomweyo chakumbuyo. Munda wa chimanga. Munda womwewo mvula itagwa. Ukwati wa anthu amene palibe anawazindikila. Matumba a feteleza ataimikidwa bwinobwino ngati ana a sukulu. Mbuzi itamangidwa pa keliyala ya njinga, ikuyang'ana kamela modandaula.

"Imani pamenepo," anatelo mlamu. "Akulu, si amuna anu awa tsiku la ukwati?"

"Mbuziyo yanenepa," anayankha mkazi wanga. "Awa anabwela nthiti zokha. Ndawalela ndine."

Ndinadina batani.

Pang'onopang'ono apongozi anaiwala kuti ndilipo. Ndinamva mawu awo akuyandikila foni. Nkhumba ija, anati, ndi imene inadya mbatata za akatekisiti. Ng'ombe yamawanga ija inagulitsidwa kwa munthu wa ku Sandwe, ndipo inathawa n'kubwelela yokha, njila yonse ija. Zaka zonse ndinali ndisanawamvepo akulankhula mawu ambili chonchi. Ndinkadina mofatsa kuti asasiye.

Kenaka ndinadina, ndipo ku Petauke kunagwa mpando.

"Phimba. Iwe phimba msanga," anakuwa apongozi.

Pa sikilini yanga katani inali itangoyamba kutsika. Masamba a mtengo wa mango. Nthambi. Kenaka mutu wa munthu, wopanda duku, tsitsi lolukidwa mbali imodzi, mbali inayo litaima ngati udzu, chipeso chitabayidwa pakati. Chipumi. Maso otsinzina ndi kuseka. Ndinawazindikila: anali apongozi aakazi. Ndinagwetsa maso pa kiyibodi, koma katani inali itafika kale pa bango lalikulu la mumtengo womwewo logwilidwa ndi manja awili, ndi madzi ake achikasu akutsika pachibwano.

Mkazi wanga anasowa mpweya. Ankangomenya tebulo ndi chikhatho.

"Achita chiyani kumeneko?" ndinafunsa foni, maso ali pansi.

Mlamu ankalankhula modukizaduka. "Avula chitenje chapamwamba, aphimba galasi. Ati sichikwana. Atenga bulangeti."

"Bulangeti aphimba nalo chiyani?"

"Zonse. Galasi, bokosi, njelwa. Akhomelela m'mbali ngati akugoneka mwana wa malungo."

Apa kuseka kunandithela. Bokosi lija limapumila pa timabowo ta kumbuyo, ndipo kafani kake kanali kokalamba kale. Unali mwezi wotentha, nyumba ya malata. Pa foni ndinayamba kumva kulila kwake kukukwela, ngati chigayo chakutali. Kompyuta yotele ikatenthedwa imadzizimitsa, ndipo iyi ikazima panalibe wolonjeza kuti idzadzukanso. Nkhope imene tinadzela tinali tisanaipeze.

"Alamu, chotsani bulangeti."

"Ndayesa. Akhalapo pa nsonga yake."

"Auzeni kuti makina afa."

Ndinamva akunong'onezana. "Akuti mudutse kaye pamenepo, kenaka achotsa."

"Zili zingati zotele?"

"Akuti tsiku lija atate anawajambula masana onse."

Ndinayang'ana mkazi wanga. Iye anatambasula manja, misozi ili m'masaya. Panalibe kuchitila mwina. Ndinawelamila pa foni.

"Alamu, auzeni amai mwaulemu wonse. Bulangeti silinditchinga ine. Likungotsamwitsa makina. Kuno zikuoneka chimodzimodzi."

Ku Petauke kafani kanapitiliza kulila.

Kenaka apongozi, mawu otsika kwambili: "Ndiye kuti akuonabe?"

"Atseka maso, amai," anatelo mkazi wanga.

"Munthu wotseka maso amayendetsa bwanji kamuvi?"

Funso linali loona. Ndinaimilila n'kukankhila mpando wanga kwa mkazi wanga.

"Khalani apa."

"Ine? Ndimangodziwa fotokope."

"Batani ili ndi lopita kutsogolo. Ili lapamwamba kumanja ndi lokola. Atate akatulukila, dikilani afike mpaka pansi, ndiye mudine. Musakhudze china."

Ndinatuluka panja n'kunyonyomala pakhonde, msana kukhoma, pafupi ndi chitseko kuti mawu azimveka.

"Amai, atuluka," ndinamva mkazi wanga akunena. "Ali pakhonde. Akuyang'ana msewu."

"Lumbila."

"Ndikunama ine? Mvelani." Anakweza mawu. "Bambo a ana, mukuona chiyani?"

"Basi ya ku Chipata," ndinayankha. "Ndi amai ogulitsa nthochi akuithamangila."

Kenaka mlamu anati bulangeti lachoka, koma bokosi likutentha ngati mbaula. Ndinati alipepelele. Anatenga lichelo. Apongozi, ndinamva pambuyo pake, anatenga chivundikilo cha poto.

Motelo ntchito inapitilila, ine ndili panja pa sitolo yanga. Zimene ankaona ndinkazidziwa ndi makutu okha. Batani likalila, ku Petauke kunkaphulika kuseka, ndipo pakapita kanthawi kunkaphulikanso kumbuyo kwanga, chithunzi chitafika ku Nyimba. Amai akuvina ndi dzungu pamutu. Amai akuthamangitsa nkhuku ndi mthiko. Amai atagona pamphasa kukamwa kuli yasa. Pa chimenecho ngakhale mwini wake anaseka, kuseka kwenikweni kochokela m'mimba, kumene sindinadziwe kuti ali nako. Ine ndinkayang'anitsitsa nthochi za tsidya la msewu. Mapewa anga ankagwedezeka okha.

Ndili chomwecho panafika kasitomala wanga wina, mphunzitsi wa ku chigawo cha Kumpoto amene anatumizidwa kudzagwila ntchito ku Nyimba. Anali ndi mapepala a fotokope m'manja. Anaima n'kundiyang'ana.

"Bambo, akuthamangitsani m'sitolo yanu?"

"Ayi. Apongozi ali mkati."

Nkhope yake inasintha nthawi yomweyo. Anavula chipewa, anakwinya thalauzi m'mawondo, n'kunyonyomala pambali panga. Anapendeketsa mutu kuyang'ana kuchitseko, naomba m'manja.

"Muli bwanji, amai?"

Foni inayankha kuchokela patebulo, mwaulemu wonse. "Tili bwino, kaya inu atate."

"Mwayenda bwanji?"

"Sitinayende. Tili kwathu."

Mphunzitsiyo anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nthochi. Anakhalabe chinyonyomalile, chipewa pa bondo, posadziwa kuti adzuke liti. Ndinati ndimufotokozela mailo kukacha. Sanachoke. Anati afuna aone mathelo ake.

Kenaka kuseka kunaleka.

Kunayamba kuleka ku Petauke. Ndinamva lichelo laima. Mlamu anati, "Ndi awa," mawu ake atasintha.

"Musaleke kupepelela," ndinatelo. "Amai a ana, chafika pati?"

"Denga la nyumba. Lapendekeka."

"Dikilani."

"Tsitsi. Imvi zawo zija." Anapuma. "Chipumi. Magalasi."

"Dikilani."

"Chaima."

"Chaima pati?"

"Pamphuno."

Ndinagwila khoma. Mtima unkafuna kuti ndidzuke ndilowe. Koma ndinali nditanena kuti ndili panja, ndipo kulowa sikukanathandiza kanthu. Vuto linali m'bokosi la ku Petauke limene linali kupuma movutika.

"Musadine chilichonse. Alamu, pepelelani kumbuyo, pa timabowo."

"Mkono watopa."

"Sinthani mkono."

Ndinamva chivundikilo cha poto chikugunda khoma, gwe, gwe, gwe. Apongozi ankapepelela ndi mphamvu zawo zonse, akulankhula ndi galasi. "Tsikani, bambo. Musachite manyazi. Ku Nyimba n'kwa ana anu."

Mphunzitsi uja anali atatseka maso, milomo ikuyenda. Sankadziwa chimene akupemphelela.

"Chayenda," anatelo mkazi wanga. "Masaya. Ndi awa masaya aja. Akuseka. Mano onse. Chibwano. Jekete. Atambasula dzanja."

"Chafika pansi?"

"Chafika."

"Dinani lokola."

"Ndadina kale. Ndikungodinabe."

"Basi, lekani. Mulithyola."

Sipanapite nthawi, kulila kwa kafani kunazima pa foni. Mlamu anati galasi lada. Mkazi wanga anati kuno nakonso kwada, kwatsala kabokosi konena kuti kulumikizana kwaduka.

Ndinaima pakhomo. "Ndilowe?"

Anandiyankha ndi apongozi. "Alowe. M'sitolo mwawo."

Ndinatsegula thumba losungila zokola. Munali zithunzi zambili kuposa zimene ndinkayembekeza, ndipo ndinaona msanga kuti mkazi wanga anayamba kudina batani lija kale, pa mango pomwe. Ndinathamangitsa maso kumunsi, kwa chomaliza. Anali iwo. Chithunzi chinali chopendekeka, denga likutsetseleka, koma nkhope inali yonse, yowala, yakuda bwino monga tinkawadziwila. Anali kuseka, dzanja atatambasula kwa wojambula. Mlamu anafunsa amai ake, ndipo anatiuza kuti tsiku la mango lija apongozi atatopa ndi kujambulidwa analanda kakamela n'kuwatembenuzila eni ake. Dzanjalo linali lofuna kulanda kamela yawo.

Ndinatsala pang'ono kuiwala. Ndinawelamila pa foni. "Alamu, auzeni amai kuti ndatuluka. Tapita."

"Apite bwino," anatelo apongozi. Ndinamva kuomba m'manja. Ndinaomba. Mphunzitsi nayenso anaomba ali pakhomo, kenaka anafunsa ngati fotokope ikugwila ntchito lelo.

Kompyuta ija inadzukanso madzulo ake itazizila. Inakhala milungu ingapo, kenaka tsiku lina inakana, ndipo njelwa ndi mphila sizinathandizenso. Ikali m'chipindamo, ndikumva, yophimbidwa ndi nsalu yoluka.

Chithunzi ndinachiwongola pang'ono, ndinadula denga ndi dzanja, n'kutumiza kwa wosema miyala tsiku lomwelo. China chachikulu ndinachitulutsa pa pepala lonyezimila, chosadula, n'kuchiika m'felemu. Tinapita nacho ku Petauke mailo lake. Ndinanyonyomala pamalo anga kuseli kwa nkhokwe. Mkazi wanga anagwada n'kupeleka.

Apongozi anachilandila. Ndinkangomva nkhuku.

"Jekete iyi inali yofiila," anatelo potsiliza. "Ndinali nditaiwala. Ndinkayesa inali yobiliwila."

Palibe anaseka. Mlamu analowa m'khichini mwachangu ngati wakumbuka kanthu pamoto.

Patapita kanthawi ndinamva mphasa ikukwekwesedwa. Mawu awo anabwela pafupi kuposa masiku onse, ndipo sanadzele kwa mkazi wanga.

"Apongozi."

Ndinayang'ana nsapato zanga. "Amai."

"Zija zina. Za pansi pa mtengo."

"Sindinaone kanthu, amai. Ndinali panja."

"Ndi bwino. Chija cha mango munditulutsileko chimodzi. Chachikulu ngati ichi. Ziziyang'anana pakhoma."

"Ndamva, amai."

Tsiku lovundukula mwala anthu anaunjikana kuona kambale koyela kaja. Amalume anawelama, anayang'anitsitsa, n'kunena kuti aka n'koyamba kuona munthu akuseka pa manda ake. Abale a ku Katete anafunsa kuti chithunzi chabwino chotele chinapezeka kuti. Apongozi anati chinachokela ku Nyimba, ndipo sanawonjezepo.

Cha mango tinachitulutsa sabata yomwe anachipempha. Amene anachisankha n'kudina batani ndi mkazi wanga, ine nditayang'ana kudenga. Makina anga amatulutsa pepala chafufumimba, nkhope pansi. Ndakhala ndikudandaula nazo zaka zambili, chifukwa makasitomala amafuna kuona msanga. Tsiku limenelo ndinalitola chomwecho, n'kulilowetsa mu envulopu osalitembenuza.